Mphindi Makumi Atatu za Mayi Nabanda

Lolemba

Ndabwerako ku maphunziro a kuboma ndi fomu yatsopano, yothandizira odwala kudziikira cholinga chochepetsa thupi. Anatiuza zinthu zitatu: cholinga chichokere kwa wodwala, chikhale chaching'ono, chikhale choyezeka. Ndazilemba pachikuto cha buku lino, ndadula mzere kunsi ndi rula.

Woyamba: Mayi Nabanda, a kutsidya kwa dambo, njira ya ku Mkanda. Makilo 94. BP yapezeka yokwera kachitatu motsatizana. Mawondo akuwawa.

Ndikuwafunsa chimene iwo eni akufuna. Kenako: "Anesi, Ogasiti akubwerayu kuli chinkhoswe cha mwana wanga. Ndikufuna ndikagwade pamaso pa akuchimuna, ndidzuke ndekha. Pa Isitala anandidzutsa anthu awiri, winayo mlendo."

Fomu ilibe malo a kugwada. Ndalemba m'mphepete ndi pensulo.

Dongosolo la sabata ino:
1. Kuyenda pansi mphindi 30 m'mawa uliwonse, kuchoka pakhomo kukafika pamlatho n'kubwerera.
2. Shuga mu tiyi: masipuni awiri, osati anayi.
3. Mtedza: dzanja limodzi patsiku.

Dzanja lawo ndi lalikulu. Izi zikundidetsa nkhawa.

Sikelo sitiikhudza mpaka mwezi uthe. Akabwerako koyenda azindifulasha, ine ndiziimba.

Lachiwiri

Andifulasha 6:20. Msanga kwambiri.

Mphindi zoyenda: 7. Atangodutsa pachigayo, a Tembo oyandikana nawo nyumba aima ndi njinga. "Mayi, muyende pansi ife tili moyo?" Kukana n'kunyoza. Akwera. Pamlatho atsika, ayang'ana madzi, chochita palibe. A Tembo awabweza mpaka pakhomo.

Ndalemba 7. Ndafufuta, poti sindikudziwa ngati wotchi ya pafoni yawo imayenda bwino. Ndalembanso 7.

Chokonza: mawa anene poyera kuti akuchita masewera olimbitsa thupi. Ndawayeseza mawuwo pafoni kawiri.

Lachitatu

Anena. A Tembo aseka mpaka kutsamiritsa njinga pamtengo.

Mphindi 12, koma zambiri zathera poima n'kumayankha mafunso. Munthu wamkulu kuyenda m'mamawa wopanda khasu, wopanda ndowa, wopanda thumba la kuchigayo: ndiye kuti kwagwa zovuta, kapena m'nyumba simuli bwino. Amayi awiri awathamangira atamanga kale mipango kumutu. "Watisiya ndani?"

Izi ku maphunziro sanatiuze. Chithunzi chimene anatisonyeza chinali cha mayi wa nsapato zoyera akuyenda m'mbali mwa msewu wa phula, yekha, popanda womufunsa kumene akupita.

Chokonza: anyamule kanthu. Dengu lopanda kanthu. Ndi lopepuka, ndipo munthu wosenza dengu aliyense amadziwa kuti ali ndi kopita. Ganizoli ndalinyadira. Nkhomaliro ndadya bwino.

Shuga: masipuni awiri, akutero. Kukula kwa sipuni sindinafunse. Ndifunse mawa.

Lachinayi

Ndinaiwala kuti ino ndi nyengo yokumba mtedza. Ine kwathu ndi ku Thyolo, ku minda ya tiyi. Kumeneko palibe amene amakuthira tiyi m'dengu ukamadutsa.

Njira ya kumlatho imadutsa minda isanu ndi umodzi. Dengu lopanda kanthu silidutsa pamunda wa mnzako n'kungopita. Aliyense wathiramo. "Kalaweni, wa chaka chino wakhwima bwino." Pofika munda wachinayi dengu ladzaza, khosi lakana. A Tembo, njinga, pakhomo.

Masana Mayi Nabanda afika kuchipatala kuno ndi theka la mtedzawo m'thumba. "Wanu uwu, anesi. Nzeru inali yanu." Ndauika pasikelo ya ana: makilo atatu ndi theka. Chimene ndauyezera sindikuchidziwa.

Mphindi zoyenda: 9.
Madzanja a mtedza: akuti anasiya kuwerenga.
Sipuni: ndi ija yopakulira mpunga pa Khirisimasi.

Lachisanu

Bambo Mbewe, amuna awo a Mayi Nabanda, ali pabenchi kuyambira 7 koloko atavala jekete. Sakudwala. Adikira mpaka mzere wonse wa odwala watha.

"Anesi, ndinakulakwirani chiyani?"

Zimene zikunenedwa m'mudzi, monga andiuzira:
- kuti fodya wawo wayenda bwino chaka chino koma mkazi akumuyendetsa pansi;
- kuti pakhomo pali njala, mayi akupempha mtedza m'minda ndi dengu;
- kuti shuga akumubisa.

Achimwene awo a mayi atumiza kale uthenga kuti abwera kudzaona "mmene mukukhalira".

"Mayiwa ndinawatenga ali ngati bango," akutero Bambo Mbewe. "Thupi lija ndi zaka makumi atatu za thukuta langa. Akaonda chinkhoswe chisanafike, akuchimuna adzati m'nyumba muno muli matenda anji?"

Ndajambula mtima ndi mitsempha papepala. Ndafotokoza za sitiroko kawiri, pang'onopang'ono. Amvetsera chipewa chili pabondo. Apempha pepalalo, alipinda bwinobwino, aliika m'thumba la jekete. Pomaliza: "Ndiye mubwere mudzawauze nokha anthuwo. Ine sandimva."

Ndavomera. Ndasita yunifomu. Ndalemba mfundo zisanu zokanena, ndachotsapo imodzi, ndaibwezeranso.

Loweruka

Ndafika 6 koloko, yunifomu yoyera, makina a BP m'chikwama. Tikuyenda awiri. Palibe wotiimitsa. Ngakhale a Tembo atsika panjinga, avula chipewa, atipatsa njira.

Mphindi 30 zathunthu! Wotchi ndaiyang'ana katatu.

Pamlatho ndawakhazika pamwala n'kuwayeza BP, kuti anthu aone kuti izi n'zachipatala. Anthu aonadi. Pobwerera pali kachitunda, ndawagwira mkono. Pamjigo ndaima, ndafotokoza mfundo zanga zisanu kwa amayi amene amatunga madzi, popanda kulumpha ina. Angoti "Zikomo, anesi," motsitsa mawu, maso onse ali pa Mayi Nabanda. Anthu a kuno ali ndi ulemu.

Ndagula cholembera chobiriwira, ndachonga nacho tsiku la lero.

Lamulungu

Kutchalitchi, nthawi ya zolengeza, dzina la Mayi Nabanda lawerengedwa pa odwala. "Zafika poti anesi achita kuwalondola kunyumba Loweruka, kuwayendetsa chowagwirizira. Abale, tisawaiwale." Anthu a benchi yakutsogolo atembenuka, andigwedezera mutu mothokoza.

Masana ndapita. Ndawapeza pamphasa pakhonde, pilo kumsana, amayi a mphakati wawo atawazungulira. Zimene ndaona: thobwa zigubu ziwiri, mandasi m'beseni, paketi ya shuga, nkhuku yomanga miyendo. Kukhitchini wina akusinja mtedza wa phala, kuti wodwala abwezeretse mphamvu.

Amayiwo agawana ntchito. Wina azitunga madzi. Wina azipita kuchigayo. Atatu akakumba mtedza wotsala kumunda.

Ndafunsa kuti mundawo uli kuti. Kuseri kwa phiri, akuti, ola lathunthu kupita kokha, ndipo njinga siidutsa. Mayi Nabanda akhala akupita tsiku lililonse chiyambire Epulo, pobwera atasenza thumba. Sabata ino sanapite. M'mawa amakhala ali pa dongosolo langa.

Fomu imafunsa kuti, "Kodi mumachita masewera olimbitsa thupi?" Anayankha kuti ayi. Ndinachonga ayi.

Za kugwada zathanso. Amayi aja agwirizana kuti munthu wodwala sagwada. Pa chinkhoswe adzawaikira mpando. Bambo Mbewe mtima uli m'malo. Alamu awo abwera, aona kuti ndi matenda osati njala, awapepesa.

Mayi Nabanda ndawayeza. BP ili pomwe inali.

Amayiwo atapita kukapha nkhuku ija, Mayi Nabanda andikoka chitenje. "Anesi, ndichira liti? Msana wayamba kuwawa ndi kukhalaku."

Ndafunsa kwa wapampando wa mphakati kuti munthu amachotsedwa bwanji pamndandanda wa odwala. Akuti zimatheka, koma osati mothamanga. Pamafunika milungu itatu, kuti amene sanawazonde nawonso awazonde.