Miyala M'kabudula wa Lekeleni

Khalani pansi ana inu. Mwambi uwu unayamba motere.

Kumtunda kuno kunali munthu wina woumba njerwa dzina lake Jailosi Kanyumbu. Mnzake woumba naye anamwalira, mkazi wa mnzakeyo n'kutsatira chaka chisanathe, ndipo anasiya mwana wamwamuna wa zaka zisanu, Lekeleni. Pamaliro anthu atafunsa kuti mwanayo amutenga ndani, Jailosi anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo.

"Pakhomo panga m'popanikiza," anatero.

Anamutenga ndi Nasibeko, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa, amene nyumba yake inkadontha mbali zonse.

Patapita miyezi itatu, kunabwera uthenga wakuti boma liyamba kupereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa mabanja olera ana amasiye. Tsiku lomwelo Jailosi anafika kwa Nasibeko, misozi ili mbwee.

"Mayi, sindikugona. Malemu anali mnzanga wa ponda apa nane m'pondepo. Akundibwerera kutulo, akuti mwana wanga alereni ndinu achimwene."

"Miyezi yonseyi malemuwo anali chete?" anafunsa Nasibeko.

"Akufa safulumira, mayi."

Nasibeko analibe mwamuna womuyankhulira, ndipo abale a mwanayo anali kutali. Jailosi anamukoka Lekeleni padzanja, mwana akulira, n'kukamulembetsa.

Ndalama zinayamba kubwera. Zoyamba Jailosi anagula wailesi. Zachiwiri anagula nsapato zosongoka. Zotsatira zonse zinathera ku kachasu. Lekeleni ankadya mikute ikatsala, ikapanda kutsala ankamwa madzi. Ankagona kukhitchini pamodzi ndi mbuzi. Tsitsi lake linafiira, mimba inatupa, mikono inatsala ngati timitengo ta chinangwa.

Nankhoma, mkazi wa Jailosi, anayesa kunena. "Bambo, mwanayu akutha."

"Ndi mtundu wawo," anayankha Jailosi. "Bambo akenso anali woonda."

Kenaka kunamveka kuti Lachisanu kubwera mayi wa boma woona za ana, ndipo mwana aliyense wolandirirapo thandizo akwezedwa pasikelo. Wopezeka kuti watsika, ndalama zitha.

Jailosi anachita mantha. Lachitatu anagula mbatata dengu lonse, n'kumukhazika mwana pansi. "Idya! Usadzuke pamenepo mpaka unenepe!" Mimba yozolowera njala siidziwa phwando. Lekeleni anasanza zonse, n'kudzuka Lachinayi ali wopepuka kuposa kale.

Pamenepo Jailosi anatenga singano. Anasokerera matumba awiri m'kati mwa kabudula wa mwanayo, n'kupita kumtsinje kukasankha miyala yosalala. Anaika miyalayo m'matumbamo, n'kumanga kabudulayo ndi luzi m'chiuno kuti asagwe.

"Ukanena, sudya mlungu wonse," anamuuza.

Lachisanu sikelo inapachikidwa panthambi ya mtengo wa mango pabwalo la tchalitchi, anthu atadzaza. Mayi Chimtengo, wa boma uja, anaitana dzina la Lekeleni. Mwana anabwera akukoka miyendo ngati nkhalamba. Atamupachika, muvi wa sikelo unathamanga mpaka mayiyo anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Bambo Kanyumbu, mwanayu mumamudyetsa chiyani?"

"Mazira, mayi. Mkaka. Nyama Lamlungu."

"Nthiti zonse zikuwerengeka, koma akulemera ngati mwana wa zaka khumi."

"Ndi wa mafupa olemera, mayi."

Asanatseke pakamwa, ulusi unaduka. Mwala woyamba unagwa phi! pachala cha Jailosi, m'nsapato yosongoka ija. Wachiwiri ndi wachitatu inagudubuzika mpaka pamapazi a Mayi Chimtengo. Muvi wa sikelo unabwerera m'mbuyo, n'kuima pamalo pamene pamaima wa mwana woyamwa.

"Ndi ya legeni imeneyo!" anakuwa Jailosi akudumpha ndi mwendo umodzi. "Amakonda kusaka mbalame!"

Mayi Chimtengo anatola mwala umodzi, waukulu ngati peyala. "Mbalame zake ndi nthiwatiwa?"

Anthu anaseka. Koma mayiyo anagwada pamaso pa mwana n'kumufunsa kuti anadya liti komaliza. Lekeleni anayang'ana Jailosi, n'kuyang'ana pansi.

"Ndikanena sindidya," ananong'ona.

Kuseka kunathera pomwepo.

Lekeleni anagonekedwa kuchipatala milungu isanu ndi umodzi, Nasibeko akugona pansi pambali pa bedi lake. Jailosi anakagwira ukaidi miyezi isanu ndi inayi, ndipo atatuluka anapeza Nankhoma atabwerera kwawo. Thandizo la boma lija linapita kwa Nasibeko. Silinali lambiri, koma linkagula mtedza, sopo ndi makope. Mwanayo anachira, ngakhale msinkhu sunabwerere. Mpaka lero ndi wamfupi.

Atakula anaphunzira kukonza injini, kenaka anatsegula chigayo chake. Nyumba ya Nasibeko anaifolera ndi malata.

Chaka cha njala yaikulu, Jailosi, atakalamba ndiponso ali yekha, anafika pakhomo pa Nasibeko atanyamula kambale. Anapeza mayiyo akupeta chimanga, matumba ali m'khonde. Lekeleni anatuluka, anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumutapira gaga wodzaza kambaleko. Anabwerera m'nyumba n'kutseka chitseko.

Jailosi anayang'ana gaga wake, anayang'ananso matumba aja.

"Nasibeko, munachita bwanji? Mwana si wanu, si wanga. Inu chimanga, ine gaga?"

"Nkhani ndi manja, bambo. Amafunika kuchenjera."

"Angawa sanachenjere? Ndani wina kuno anasokapo matumba a miyala m'kabudula?"

"Anu anachenjera polandira," anatero Nasibeko osasiya kupeta. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye."