Mmene a ku Kawale Anandidyera Magazini

LOLEMBA

Ntchito yagwa! A Madamu a Chingerezi akuti ife a Fomu 3 aliyense akonze magazini yakeyake. Akuti chiyambire matipate nyuzipepala zamera ngati bowa, ndiye nafenso tidziwe mmene zimapangidwira. Zofunika pofika Lolemba likubwerali:

- dzina la magazini
- owerenga ake ndani
- masamba asanu ndi atatu (mafulusikapu awiri opinda pakati)
- kafukufuku: kufunsa anthu khumi zomwe angakonde kuwerenga

Yopambana aisindikiza pa makina a sitensulo a mu ofesi ya ahedi, sukulu yonse iwerenge. Ndikudziona kale.

Dzina: PHOKOSO. Owerenga: achinyamata okhaokha. Akuluakulu apite uko.

1. Chikuto: achimwene a Khumbo atanyamula gitala
2. Mawu a Mkonzi (ine!)
3. Masitayelo a tsitsi
4 ndi 5. Kucheza ndi achimwene a Khumbo
6. Nyimbo zomwe zavuta pa makaseti
7. Ofuna anzawo olemberana nawo makalata
8. Nthabwala

Nkhani ya achimwene ndiyo mtima wa zonse. Chaka chatha anasiya kosi ya ukalaliki n'kulowa bandi, Adada n'kunena kuti m'nyumba ya mkulu wa mpingo simulowa gitala. Anatuluka onse awiri, gitala ndi mwini wake. Pano akuchita lendi kachipinda ku Biwi, ndipo pakhomo pano dzina lawo silitchulidwa. Adada amangoti "uja wa ku Biwi". Ine ndinawalonjeza achimwenewo kuti tsiku lina ndidzawaika pachikuto anthu awaone. Tsikulo ndi limeneli. Bola Adada asadziwe.

Madzulo. Ndati kafukufuku ndiyambire pa Amama poti ali pafupi, akusita. Andiyang'ana ngati ndatukwana. "Ungafunse anthu a mumsewu usanafunse eni puloti?" Chabwino. Mawa ndiyamba ndi Anabanda, alandilodi athu. Ndi funso limodzi lokha, lingavute pati?

LACHIWIRI

Kusukulu ndafunsa anzanga asanu. Mayankho:

- chilichonse
- chilichonse
- zili bho
- iwe wayankha chiyani kwa anzako?
- chilichonse, bola zithunzi

Achinyamata a dziko lino sadzatukuka.

Masana ndagwada pakhonde la Anabanda ndi kope langa. Andipatsa mpando, ndakana, andikakamiza. Ndafunsa: mukadakhala ndi magazini, mungakonde kuwerengamo chiyani? Ayankha ola lathunthu. Akufuna mulembedwe za anthu otaya madzi a mbale pafupi ndi mpope, za ana okwera mtengo wawo wa mapeyala, ndiponso ndandanda wa osesa kuchimbudzi, maina onse ndi masiku awo. Ndalemba zonse mwaulemu, ndathokoza, ndanyamuka.

Ndili pakhomo andiitana: "Ndiye zituluka liti?"

Ndayesa kufotokozera Amama kuti kafukufuku n'kungomva maganizo, sikuti zonse zimalowa ayi. Amama akuti chizungu chimenecho ndikachisiye kusukulu. Munthu wamkulu ukamufunsa maganizo wamupatsa udindo, ndipo akakuyankha sungatenge mawu akewo n'kukaponya kudzala. Komanso tisaiwale kuti denga lomwe tikugonamoli ndi la Anabanda.

Nthabwala zapita. Tsamba 8: Ndandanda wa Osesa. Palibe kanthu, latha limodzi lokha. Komanso ena aseka ndithu akaona dzina lawo.

LACHITATU

Ndathawa masewera, ndayenda wapansi mpaka ku Biwi. Achimwene awonda koma akuseka ngati kale. Chipinda chawo: matiresi, mpando umodzi, gitala pamalo aulemu. Andigulira zitumbuwa, ndawafunsa mafunso khumi ndi awiri ngati mtolankhani weniweni. Pa funso lakuti anakuphunzitsani nyimbo ndani, akuti ndi Adada, anawalembera do re mi kuseri kwa kalendala ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Akuti, "Lemba choncho, ndi zoona."

Andipatsa chithunzi! Jekete lobwereka, gitala pachifuwa, kumbuyo nsalu yojambulidwa mapiri. Akuti ndichisamale ngati diso chifukwa n'chimodzi chokha, wojambulayo anasamukira ku Mchinji ndi negetivi yomwe. Pondiperekeza afunsa ngati mdala akutsokomolabe m'mawa. Ndati eya.

Ndafika kunyumba, pakhonde pali a Gondwe atelala, tepi m'khosi, nkhope ngati abwera kudzanena maliro. Amva kumpope kuti mwana wa mkulu wa mpingo akutulutsa nyuzipepala ndipo Anabanda apatsidwa tsamba. "Ine ndinakusokera yunifolomu kuyambira Sitandade 1. Ndinalakwa chiyani kuti undidumphe?"

Ndawafunsa funso lija. Ndikanatani?

Tsamba 3 silinso la tsitsi. Ndi la Masuti a Ukwati ndi Kasamalidwe Kake.

Chithunzi ndamata pachikuto ndi phala la ufa wa kondowole. Chagwira moti ngakhale mvula ya matalala singachichotse. Chikutocho pamodzi ndi masamba 4 ndi 5 ndabisa m'buku la Bayoloje, momwe palibe amatsegula, ine ndemwe.

LACHINAYI

Anthu ofunika kufunsa: 10. Anthu omwe ndafunsa: 7. Anthu omwe abwera okha kudzafunsidwa: 16!

Pochoka kusukulu ndapeza mzere pakhonde ngati kuchipatala cha ana. Amama aphika tiyi kawiri, akuyenda monyadira. Akuti sanadziwe kuti anabereka munthu wofunika chonchi.

Ena mwa omwe abwera:

- amayi a kumpingo atatu, m'mayunifolomu, molunjika kuchokera kumapemphero. Akuti amva kuti muli tsamba la nyimbo. Abweretsa manambala a nyimbo khumi za m'buku.
- abambo a nyumba yachitatu, akufuna kuthokoza onse omwe anawathandiza pamaliro a apongozi awo. Maina makumi anayi, ndipo ndisadumphe ngakhale limodzi.
- amayi ena omwe sindikuwadziwa n'komwe, a ku Area 23, akufuna kupereka moni kwa mchemwali wawo ku Mzimba.
- agogo ogulitsa makala, alibe mawu, akungofuna dzina lawo lilembedwe penapake.

Walira mvula walira matope. Tsamba 6 latengedwa ndi amayi a kumpingo. Tsamba 7 ndi la Mathokozo ndi Moni, agogo a makala ali pansi penipeni.

M'mawa ndinakadandaula kwa a Madamu kuti kafukufuku akundipitirira. Sanamve bwino. Andiimika kutsogolo kwa kalasi kuti onse atengere chitsanzo, ati mkonzi wabwino amamvera owerenga ake. Anzanga awomba m'manja. Ndinafuna kulowa pansi pa desiki.

Zanga zatsala: chikuto, tsamba 2, masamba 4 ndi 5. Zinazo adye, koma achimwene sawakhudza.

LACHISANU

Zafika kwa Adada. Amva mu minibasi pochokera kuntchito, kwa a Gondwe, anthu onse akumvetsera. Alowa, akhala pampando osavula jekete. Akuti Kawale yense wafunsidwa, mpaka wamakala, koma mwini mwana akumvera m'galimoto ngati mlendo.

Ndapepesa. Ndawafunsa funso lija. Akuti nkhani yaikulu chonchi siyankhidwa choimirira, mutu umodzi susenza denga, pakufunika komiti.

Komiti yakhala tisanadye. Wapampando: Adada. Wachiwiri: Amama. Mlembi: ine, mwini magazini. Tatsegula ndi pemphero. Tapepesa m'malo mwa omwe sanabwere, ngakhale palibe wina anaitanidwa. Zomwe tagwirizana, kutanthauza zomwe anena Adada Amama n'kuvomera:

- dzina lakuti PHOKOSO silipereka ulemu. Likhale MWAMBO.
- Mawu a Mkonzi akhale Mawu a Wapampando, poti mwana salankhula akulu ali pomwepo.
- pa ndandanda wa osesa, dzina la banja lathu lilembedwe ndi zilembo zoyenera, Anabanda amalilakwitsa.

Ndiye avala magalasi ayamba kuwerenga masamba. Awerenganso kachiwiri. Munthu amene amawerenga anthu m'tchalitchi Lamulungu lililonse sungamubere. "Unati asanu ndi atatu. Apa ndikuona asanu."

Ndati enawo sindinamalize. Akuti komiti imaona ndi zosamaliza zomwe, ndiwabweretse mawa tikamwa tiyi. Tatseka ndi pemphero. Ine ndapemphera langalanga.

Amama pokatsuka mbale andinong'oneza kuti akudziwa zomwe zili m'buku la Bayoloje. Akuti jekete lija silikuwakhala achimwene, mapewa ndi aakulu. Akupukuta m'maso ndi chitenje, akuti ndi utsi. Mbaula inali itazima kale.

LOWERUKA

Ndaganiza zonama kuti mbuzi yadya. Pa puloti pano palibe mbuzi.

Ndapereka. Adada aona chikuto. Atenga cholembera chofiira, atenga masamba onse atatu, alowa kuchipinda, atseka chitseko.

Ndasesa pabwalo. Ndachapa yunifolomu. Ndasesanso pabwalo pomwe ndasesa kale, mpaka Anabanda afunsa ngati ndasintha ndandanda. A Gondwe adutsa kudzafunsa ngati angawonjezere za madiresi a operekeza akwati. Ndati afunse wapampando.

Atuluka dzuwa lili pamutu. Chigamulo cha komiti, yomwe yakumana yokha kuchipinda: masamba 4 ndi 5 akhala a ndondomeko ya mapemphero a m'makomo. Andionetsa nkhani ya achimwene, pamwamba alemba ndi zilembo zazikulu kuti SIZITULUKA. Koma akonzamo ndithu makoma ndi mafulusitopu onse, mpaka pansi. Pamzere wa kalendala uja akhwatcha "zisanu ndi chimodzi" n'kulemba pambali kuti "zisanu". Ndisanayang'anitsitse apinda, aika m'thumba, akuti zokanidwa zimasungidwa ndi wapampando.

Chikuto andibwezera chobooka. Kondowole anakana kumatuka, ndiye adula ndi lezala, mwaluso, ngodya zinayi zowongoka. Pomwe panali achimwene pali windo. Ndikayang'aniramo ndikuona kabati.

"Komiti yaona kuti chithunzicho n'chosayenera."

Ndalira, osabisa. Za sitensulo ndilibe nazo ntchito. Koma chinali chimodzi chokha, ndipo anandiuza kuti ndichisamale ngati diso. Ndafufuza m'mbaula, ndafufuza kudzala, ngakhale kaphulusa kake sindinakaone. Ku Biwi ndikanena chiyani?

LAMULUNGU

Kutchalitchi. Ndakwiya moti buku langa la nyimbo ndalisiya dala kunyumba. Lero Adada sali pa ntchito kutsogolo, ndiye poona kuti ndili chimanjamanja andikodola kuti ndikhale kumapeto kwa benchi, tiyimbire limodzi lawo. Ndakhala, koma nkhope ndayang'ana kuwindo.

Nyimbo yoyamba, bwinobwino. Yachiwiri, akutsegula masamba, buku latseguka lokha pakati. Achimwene! Jekete lobwereka, mapiri kumbuyo, m'mphepete mukuonekabe kondowole.

Adada aphimba ndi chala chachikulu. Chala chaphimba gitala yekha, nkhope chaisiya. Ndawayang'ana, iwo maso ali kuguwa, besi akuikoka mokweza kuposa masiku onse, mpaka amayi a kutsogolo acheuka. Tayimba mavesi onse asanu buku lili pa nambala yolakwika. Palibe watembenuza tsamba.

Pobwerera ndayenda ndi Adada mpaka pa mpope. Pamenepo, akuyang'ana nsapato zawo, akuti: "Uja wa ku Biwi, jekete limene lija akabweze kwa eni ake. Langa labulawuni lingomukhala." Kenako ayamba kudandaula za madzi a mbale.

Madzulo. Ndakopera zonse mwaukhondo. Mawa ndikupereka izi:

1. MWAMBO, ndi windo
2. Mawu a Wapampando (apitirira mpaka m'mphepete)
3. Masuti
4 ndi 5. Mapemphero a m'makomo
6. Nyimbo khumi za m'buku
7. Maina makumi anayi, moni wa ku Mzimba, agogo a makala
8. Osesa

Dzina langa mulibe paliponse, kupatula Lachinayi pa tsamba 8. Makina a sitensulo ndawatsanzika. A Madamu akafunsa za windolo ndinena kuti ndi sitayelo.

Jekete labulawuni Amama alisita kale, lili m'jumbo pansi pa bedi langa. Lachitatu ndithawanso masewera.

Latsala funso limodzi pa fomu ya a Madamu: owerenga ake ndani? Ndafufuta "achinyamata okhaokha". Ndalemba: mkulu wa mpingo mmodzi, woyimba besi.