Tsiku Limene Ndinamwetsa Mjigo Madzi

Inu achimwene mukuti madeputadu, aphungu athuwa, amangopita ku Maputo kukawodzera pa mipando yofewa, tasunthirani kuno. Shapa, minibasi yathuyi, sinyamuka msanga, motorisita woyendetsa wapita kukafuna tayala. Ine ndinakumanapo ndi mmodzi wosawodzera, ndipo ndikanakonda akanawodzerako pang'ono.

Dzina langa ndine Nikodemo, wa ku Kachenje, maola awiri pa njinga kuchokera pa Mualadzi. Kwathuko anandisankha kukhala pulezidenti wa komite ya madzi, chifukwa ndili ndi kazaku, jekete la suti, komanso ndikasaina dzina langa limapindika bwino ngati mchira wa nkhumba. Boma linatuma kampani ina kudzatikumbira mjigo. Anakumba masiku awiri mvula ili kumapeto, madzi anatuluka, tinavina, ine n'kusaina pepala loti zonse zili bwino. Patapita masabata atatu mjigo unayamba kutsokomola. Sabata yachinayi unangoti zii. Amayi anabwerera ku dambo, kumene timamwa pamodzi ndi ng'ombe, ng'ombezo poyamba chifukwa ndi zazikulu.

Chaka chinatha choncho. Tsiku lina uthenga unafika woti Lachinayi kukubwera a deputada, a Bernardete, kudzaona mjigo.

Mlamu wanga Silasi anakhalako zaka ziwiri ku Zambia, ndiye kwathu nkhani iliyonse yovuta imadzera kwa iye. Anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu, pepala lija anasaina ndani?"

"Ine."

"Basi. Ku Zambia ndinaona munthu akumangidwa chifukwa cha siginecha. Yake sinali yopindika n'komwe ngati yanuyi."

"Ndiye nditani?"

"Mjigo utulutse madzi."

"Mulibe."

"Tithiremo."

Tamverani, musaweruze msanga. Mlendo akamabwera mumasesa pabwalo, zinyalala n'kuzikankhira kuseri kwa nyumba, ndipo palibe amati mwanama. Ine ndinaona ngati ndi kusesa komweko.

Ndinapita kwa akazi anga, a Falesi, ndi mawu aulemu, kuti asonkhanitse amayi atithandize kutunga.

"Chaka chathunthu ndatungira inu ndi ana anu asanu," anatero osasiya kupeta chimanga. "Lero nditungirenso chitsulo?"

Ndiye Lachinayi m'mawa tinatsikira ku dambo awiriwiri, ine ndi Silasi. Ulendo woyamba tinamangirira zigubu pa njinga, tcheni n'kuduka pa chitunda, njinga n'kubwerera yokha ku dambo ndi zigubu zomwe. Panatsala mutu. Inu, munthu wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, pulezidenti, ndowa pamutu! Yoyamba inandisambitsa. Yachiwiri inafika theka. Amayi anaima m'mbali mwa njira manja ali m'chiuno, osaseka, kungoyang'ana momwe amayang'anira mbuzi ikalowa m'tchalitchi.

Silasi anamasula chivundikiro cha mjigo, tinayamba kuthira. Unamwa ndowa zisanu ndi imodzi ngati munthu wobwera ku maliro opanda chibale. Titayesa kupopa kamodzi, madzi anati tho. Tinatseka msanga, ine n'kuthamangira kukavala kazaku.

Tinkadikira galimoto zitatu ndi fumbi. Kunabwera mota imodzi, njinga yamoto, kumbuyo kwake kuli mayi wamfupi wovala chitenje cha kapulana ndi nsapato zoyendera, buku lalikulu m'khwapa. Ndinatsokomola, n'kuyamba mawu olandirira alendo amene ndinaloweza masiku atatu m'Chipwitikizi. Ndili pa mzere wachiwiri anakweza dzanja.

"Yankhulani Chinyanja, bambo. Amayi anga ndi a ku Nsadzo."

Masiku atatu aja anathera pomwepo.

Anatsegula buku lija n'kuyang'ana anthu. "Ine sindikumba mijigo, ndipo sindinabwere ndi kanthu m'thumba. Boma limabwera ku Asembleya, Nyumba ya Malamulo, kudzatiuza zimene likufuna kuchita, ife n'kuvomereza. Chaka chikatha limadzatiuza zimene lachita. Ntchito yanga ndi kudzaona ngati buku ndi nthaka zikunena chimodzimodzi. Apa palembedwa kuti Kachenje, mjigo umodzi, ukugwira ntchito, anthu mazana asanu ndi limodzi akumwa madzi abwino. Ndi zoona?"

"Ndi zoona kwambiri, mayi," ndinayankha ndekha.

Anayang'ana njira yobwera pa mjigo, imene inali itamera chisoso. Anayang'ana njira ya ku dambo, yosalala ngati pakhomo pa tchalitchi. Anapatsa Silasi buku, n'kugwira okha chogwirira.

Anapopa. Madzi anatuluka, ofiirira pang'ono, koma madzi. Ine ndinawomba m'manja. Silasi anayamba nyimbo, palibe anamulandira. Kenako m'ndowa munagwa kanthu kakuda, kamutu waukulu, n'kuyamba kusambira mozungulira mosatekeseka.

Mbululu, abale. Mwana wa chule.

A deputada anawerama n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"A pulezidenti, mjigowu ndi wakuya bwanji?"

"Mamita makumi anayi, mayi."

"Ndiye achule a kuno amakaikira mazira mamita makumi anayi pansi pa nthaka?"

"Ndi achule olimbikira, mayi."

"Ku Zambia zimachitika," anatero Silasi.

Anagwedeza mutu ngati aphunzirapo kanthu, n'kupitiriza kupopa. Ndowa yachiwiri. Yachitatu inafika pakati, mjigo n'kuyamba kutsokomola kuja, kenako zii. Ndowa zinazo sindikudziwa kumene zinapita mpaka lero.

"Amayi," anatero akupukuta manja ku kapulana, "mumatunga kuti?"

Ndinayang'ana a Falesi ndi maso a zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu za ukwati wa mu tchalitchi. Iwo anayang'ana mtengo wa mango umene unali kumbuyo kwanga, n'kuyamba. Ananena za dambo. Ananena za Lusiya, mwana wathu wotsiriza, amene tinamunyamula pa njinga mpaka ku Mualadzi atatsegula m'mimba masiku atatu, maso atalowa. Ananena ana a makomo ena anayi, maina ndi miyezi yake. Anamaliza ndi ndowa zanga za m'mawa, ndi imene inandisambitsa yomwe. A deputada analemba zonse.

Ine ndinavula chipewa n'kutambasula manja awiri kuti amange.

"Tsitsani manja, bambo, ine si polisi. Munasaina tsiku limene madzi ankatuluka, pamenepo palibe mlandu. Koma lero mukanapambana, ndikanalemba kuti buku likunena zoona, ndipo kuno sikukanabweranso munthu zaka khumi. Mwana wanu uja akanakulira ku dambo."

Kumangidwa kukanapepuka, ndikukuuzani. Anapempha garafa, botolo la pulasitiki, n'kuthiramo madzi ndi mbululu ija, n'kuboola chitsekero kuti izipuma. Inakwera mota. Ine Maputo sindinafikeko, koma mbululu ya kwathu inafika.

Patapita masabata angapo linafika tsiku limene madeputadu amafunsa boma mafunso. Mudzi wonse unadzaza pa baraka, kagolosale kathu, kumvera wailesi, mphunzitsi akutimasulira. A Bernardete anawerenga tsamba la Kachenje m'buku lija, n'kufunsa a nduna kuti anapita kukaona mjigo wa ku Kachenje ndani, ndipo liti. A nduna anayankha mwaulemu kuti akatswiri anatsimikiza kuti mjigowo uli bwino.

Kenako wailesi inadzaza phokoso. Mphunzitsi anati a Bernardete akweza garafa ija. Mbululu inali itamera miyendo.

"Iyi inatuluka mu mjigo umene akatswiri anatsimikiza," anatero a deputada. "Kumeneko kuli mwamuna wina wokonda boma lake kwambiri, moti anasenza madzi a ku dambo pamutu n'kuwathira mu mjigo kuti buku lanu lisaname. Funso langa ndi lakuti, mijigo ina ya m'bukuli aithira ndani?"

Dzina sanatchule. Mitu yonse ya pa baraka inatembenuka nthawi imodzi. Ine ndinatembenukanso, kuyang'ana Silasi, koma Silasi anali atapita kukaona mbuzi zake.

A nduna analonjeza kuti mijigo yonse ya kampani ija iyenderedwanso, youma ikumbidwe kachiwiri, posachedwa.

Nditafika kunyumba ndinapeza a Falesi akupota nkhata ya nsalu. Anandiyesa pamutu, n'kuikonza pang'ono.

"Dziko lonse lamva kuti mumatha kusenza. Mpaka posachedwa wa bomayo atafika, ndowa ziwiri m'mawa ndi zanu."

Akulu amati ukafuna kudziwa kutalika kwa posachedwa, muyeze ndi ndowa. Sabata yoyamba isanathe ndinakwera pa chulu pamene telefoni imagwira, n'kuimbira a deputada. Anati alembera kalata a nduna. Lolemba lotsatira ndinaimbanso. Anati kalata sinayankhidwe, ayitanitsa akuluakulu a za madzi ku komite yawo ya ku Asembleya kuti akafotokoze. Ndinaimba Lolemba lililonse. Ndinafika podziwa tsiku limene Asembleya itsegulire, tsiku limene itsekere, ndi kuti funso likapanda kuyankhidwa limafunsidwanso. Anafunsa katatu mayi aja, osatopa, osakweza mawu.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri galimoto yokumbira inafika. Anakumba mamita makumi asanu ndi awiri, ndipo madzi ake mpaka lero ndi oyera ngati a ubatizo, ngakhale mu Okutobala. A Bernardete anabweranso, pa mota pomwe paja, anapopa okha ndowa khumi, n'kumwa. Kenako anandiitana kutsogolo.

"M'Tete monse," anauza anthu, "sindinaone nzika yotsata ntchito za boma ngati bambo awa. Akanakhalapo khumi otere, nduna sizikanagona."

Anthu anawomba m'manja, ansembe anandigwira chanza, ine n'kuwerama modzichepetsa, pang'ono chabe, chifukwa kupitirira pamenepo sizinkatheka. Ndikanawauza bwanji kuti si ndale ayi, ndi khosi?