Jeke ya Fodya ndi Mawu a Nachisale

Amene akuti ndikunama aimirire andiuze pamaso, asamasekere m'chipewa ngati mnzanga Gomani uyo. Ine Lufeyo, wolekezera sitandade faifi, ndinayankhulitsa kompyuta imene inakanika anthu a masatifiketi, ndipo ngati ndikunama mphezi indipeze ndisanafike pa Madisi.

Zinali zaka zija matipate atangolowa, aliyense akukuwa pa chimkuzamawu, feteleza atakwera mtengo, ine ndikusesa pa parishi. Wansembe wachizungu anabwera ndi kompyuta, yoyamba m'mapiri onse ano, ndipo tsiku lina anaitana kwaya n'kujambula nyimbo m'makinamo. Woyambitsa nyimboyo anali mkazi wanga Nachisale. Mvula ya chaka chomwecho isanathe tinamuika m'manda. Chithunzi chake ndinalibe, nsalu zake abale ake anagawana, chotsala chake pansi pano chinali mawu aja m'bokosi la mzungu. Loweruka wansembeyo ankandilola kukhala pakhomo la ofesi ndi tsache langa, Nachisale n'kumandiimbira.

Kenaka wansembe anabwerera kwawo. Kalaliki wa parishi, Fabiyano, anafufuta zina m'makinamo akuti aziyenda msanga, basi kompyuta inatseka pakamwa. Pagalasi kamzere ka nyimbo kakuyenda ndithu, koma masipika ali zii, ngati munthu akukuimbira ali pansi pa madzi. Mukumva? Fabiyano anazula mawaya n'kubwezera, anakweza voliyumu mpaka kumapeto, anazimitsa n'kuyatsanso, anabwereka masipika a wailesi ya asisitere, osatheka. Potsiriza anatsegula bokosilo n'kundionetsa kakhadi kobiriwira.

"Mawu amatulukira apa, a Lufeyo," anatero. "Koma kadisiki kamene kamaphunzitsa makina kuyankhula ndi kakhadika kanapita ndi abambo aja. Tidikire kena kuchokera ku Lilongwe."

Kudikira! Tinadikira chimanga cha boma, tinadikira mankhwala a Nachisale mpaka anatisiya, ndiye ndidikirenso kadisiki? Chimanga chinacha, tinakolola, kadisiki osabwera. Ine n'kuyamba kuiwala mmene mkazi wanga ankakwezera mawu pa mzere wachiwiri wa nyimbo ija.

Apo ndinaganiza ngati mlimi wa fodya. Tsamba louma sulipanikiza, limathetheka. Umayamba walionetsa nkhungu kuti lifewe. Ndiye Fabiyano atapita ku maliro ku Mponela, ndinasenza kompyuta pamutu, galasi kumsana, jenereta ya parishi m'khwapa, n'kukwera phiri la Ntchisi chothamanga, miyala ikuphwanyika kumapazi kwanga, anyani akundipatukira ndi kuwomba m'manja, mpaka ndinafika pamene nkhungu imagona, ndinaigwira pakhosi n'kuikamira m'bokosimo ngati ng'ombe ya mkaka, kakhadi kaja n'kufewa ngati tsamba la fodya wa bale m'mamawa, kenaka ndinalumpha kuchokera pansonga pomwepo n'kutera m'chigafa changa choumitsiramo fodya, katundu yense ali pathupi. Mukumva?

Tsono kakhadiko ndinaona kuti sikanakhazikike bwino pamalo pake. Fodya wofewa amafuna jeke. Ndinaika bokosi lonse pa jeke yopanikizira mabelo, ndinaliza jenereta, ndipo ndinapukusa, ndinapukusa, thukuta likuyenda ngati mtsinje, mpaka chitsulo chinalira.

Chinaphulika, anthu inu! Mawu onse amene anaunjikana m'menemo miyezi yonseyo anatuluka nthawi imodzi, denga la chigafa linauluka n'kukatera ku Malomo, okwera njinga kumeneko anagwa onse, ku Mponela maminibasi anaima makondakitala ali kukamwa yasa, wandale wina amene ankalonjeza mlatho pa chimkuzamawu anameza lonjezo lake n'kugwada m'fumbi, ndipo pamwamba pa phokoso lonselo Nachisale wanga, mawu ake opyapyala aja, akuyambitsa nyimbo ya Amayi Maria, mpaka chimanga chouma m'nkhokwe chinatulutsa ngayaye. Ndinalira mpaka dambo la kumunsi kwathu linadzaza popanda mvula. Kafunseni amene amalima madimba kumeneko.

M'mawa mwake Fabiyano anabwera ndi akuluakulu a mpingo. Anayang'ana bokosi litaphwatalala ngati chiwaya, madzi akudontha, n'kugwira mutu.

"A Lufeyo, kadisiki kaja kafika dzulo," anatero. "Ndipo nyimbo ija inali muno mokha, kwina kulibe."

Ntchito inathera pomwepo. Amayi a kwaya mpaka lero sandipatsa moni, akuti Nachisale ndinamuika m'manda kawiri. Akuti palibe amene anamva nyimbo tsiku limenelo, koma kung'aluka kwa chitsulo basi. Bodza! Makutu awo anadzaza malonjezo a ndale. Bokosilo parishi inalitaya, ine ndinalitola, lili m'chigafa, ndipo nkhungu ikatsika m'phiri limaimba lokha popanda jenereta, ndikulumbira pa manda a mkazi wanga.

Gomani, leka kuseka, sendera kuno. Iwe unali mu kwaya, unkaima kumbuyo kwake. Bokosi limaimba, ndanena, ndipo sindibweza. Kungoti masiku ano likafika pa mzere wachiwiri paja limangokhala chete. Tandiimbira pamenepo, mnzanga. Ankakweza bwanji?