Chidothi ndi Denga la Nkhokwe ya Apongozi

Senderani kuno ana inu, mumve. Mwambi mumaumva uja unayamba motere.

Panali mkamwini wina dzina lake Chidothi, amene ankakhala kwawo kwa mkazi wake Nankhoma. Ulesi analibe, koma matama. Chaka china apongozi ake aakazi anakolola chimanga chambiri, n'kuchithira m'nkhokwe yopanda denga. Anamutumizira mawu kudzera mwa Nankhoma, pajatu mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso.

"Amayi akuti mvula ikanyowetsa chimangacho, mutenge nkhwangwa yanu muzipita kwanu," anatero Nankhoma.

Chidothi sanachedwe. Anadula mapaso, anasenda luzi, anamweta udzu, zonse n'kututa yekha pamutu. Dengalo analimangira pansi monga timachitira, n'kulifolereratu. Linali lokongola, zimenezo sindingamunamizire.

Mlamu wake Mandota atadutsa anati, "Alamu, mwagwira ntchito. Tiitane anthu mawa tidzakweze?"

"Anthu a chiyani? Kuti azidzati nkhokwe anamanga ndi iwo?"

"Nanga mukweza bwanji?"

"Tamverani alamu. Mapasowa anasenza ndani?"

"Inu."

"Udzuwu?"

"Inu nomwe."

"Nanga m'dengamu muli chiyani china choposa mapaso, luzi ndi udzu? Mutu unasenza zonsezi ndi womwewu."

Mandota anangoti "Chabwino," n'kumapita. Ine zimandipweteka kuti munthu wodziwa kuwerengera chonchi anaiwala kuti kudambo anapitako maulendo ambirimbiri.

M'mawa mitambo inada bii. Chidothi anatukula mbali imodzi ya denga, n'kuichirikiza ndi mtondo, n'kukwawira m'kati. Anaika nkhata pamutu, n'kudzuka nalo. Denga linanyamukadi pang'ono, khosi n'kulira kuti gwede! Kutsogolo sankaonako. Anadzandira, mtondo unagubuduka, denga n'kumuvindikira ngati nkhuku m'dengu.

Anakankha, osatheka. Anthu onse anali kumunda, pakhomo panatsala apongozi okha. Chidothi anachita manyazi kuwaitana, koma atamva madontho pa udzu anatsokomola.

Apongozi anafika n'kuima pambali. "Kodi denga likutsokomola?"

"Ndine, amayi."

"Ooo, ndinu bambo? Lero ndiye ticheza bwino, poti sitikuonana. Mukutani m'menemo?"

"Ndimaona ngati likudontha."

"Likudontha?"

"Ayi, amayi."

"Koma nkhokwe yanga ikudontha."

Apa matama onse anathera pompo. "Amayi, ndiitanireni anthu. Ndapota nanu."

Apongozi anakuwa, ndipo anthu anathamanga ndi makasu m'manja. Amuna ndi akazi anazungulira denga, aliyense n'kugwira phaso lake, Mandota akuitanira. Linakwera kamodzi n'kamodzi n'kukhala pankhokwe, chimvula chisanatsike. Chimanga chinapulumuka.

Chidothi anatsala pansi, khosi litapindikira kuphewa, akuyang'ana anthu chammbali. Anafunsa motsitsa mawu, "Nankhoma, nkhwangwa ija nditenge?"

Anayankha ndi apongozi, atatembenukira kunkhokwe. "Muwauze akhale. Tikawabweza ndi khosi limenelo, kwawo adzati tinkawasenzetsa nyumba. Koma muwauzenso ichi, poti makutu okha sanapindike: mutu umodzi susenza denga."