Thadzi langa m'chipewa cha bambo a Esinati

Pali nkhuku imene ndikaikumbukira mtendere umandithawa. Inafa kalekale, koma mlandu wake ndikadausenzabe. Lero ndati ndiutule kwa inu, poti kunyumba wandikanika.

Zinali zaka zija matipate atangokhazikika, aliyense akutchena nsalu ya chipani chake. Mwana wathu Esinati, amene anali namwino pachipatala china cha mishoni, anabwera kuno ku Nkhulambe ndi mphatso ya bambo ake. Mkulu ameneyu njinga ndiyo inali miyendo yake. Nandolo, chinangwa, zonse ankapalasa nazo yekha mpaka ku Migowi.

Titamasula mphatsoyo tinangoyang'anana. Chinthu chake ngati chipanda chodula pakati, chopepuka ngati chitsononkho, chobowokabowoka pamwamba, chili ndi malamba omanga kuchibwano.

"Ndi helemeti iyi, bambo, chipewa cha panjinga," anatero Esinati. "Kuntchito ndatopa n'kusoka mitu ya anthu."

Ine pakamwa sipachedwa kuyabwa. "Iwe, chipewa chanji cholowa mvula? Mwala ungaope zimenezi?"

"Sichiletsa kugwa, amayi. Koma munthu akagwa chimasweka ndi ichi, fupa n'kutsala."

Bambo ake anachikonda. Anzawo kumsika ankati kwafika kamba wokwera njinga, iwo osalabada. Ankangoti, "Anagula ndi mwana wanga."

Ndiye anadwala malungo, njinga n'kukhala mwezi wathunthu itatsamira khoma, chipewa chili pamsomali. Masiku omwewo thadzi langa la kansilanga, lija la nthenga zopotanapotana, linkaikira paliponse, agalu n'kumadya mazira. Madengu onse anali odzaza nandolo. Tsiku lina ndikusesa ndinakweza maso. Chozungulira bwino, chakuya, chofewa m'kati, mpweya ukulowa wokha. (Musandiseke. Nanunso mukanachiona mukanati anapangira nkhuku.) Ndinayalamo udzu, n'kuchikhazika pakona m'khitchini, njerwa uku ndi uku. Thadzi linalowamo ngati lalipira, n'kuyamba kufungatira mazira khumi ndi limodzi.

Atachira, m'mawa wina anamanga thumba la nandolo pakaliyala.

"Mayi a Esinati, chipewa changa chili kuti?"

"Chapeza mwini wake," ndinatero, n'kuloza kukhitchini.

Anasuzumira, n'kuona thadzi lili m'chipewa. "Chotsanimo nkhukuyo."

"Thadzi lofungatira salisuntha, inunso mukudziwa. Likanyanyala mazira onsewa asukusa. Kwangotsala masiku anayi."

"Mwana anati ndisamakwere wopanda chimenechi."

"Zaka zonsezi mwapalasa ndi mutu womwewo. Lero ndiye wasanduka dzira?"

Mawu amenewo ndi anga, ndinawalankhula ndine, ndipo ndinaseka nditawalankhula. Anavala kapusi yawo yakale n'kunyamuka.

Dzuwa lisanafike pamutu kunabwera mayi wina wogulitsa tomato, ali wefuwefu. Akuti potsetsereka kumtsinje mbuzi inadumphira mumsewu, iwo pofuna kuizemba thumba linawakoka, n'kukagwa chamutu pamwala. Anthu anawakweza galimoto ya matola kupita nawo kuchipatala.

Ndinawapeza ali gone, mutu uli m'mabandeji, osayankha. Tinatumiza uthenga kwa Esinati. Apa ndiye pali manyazi anga enieni. Mkazi wanzeru akanagwada n'kupemphera. Ine chimene chinandigwira mtima n'chakuti mwana akubwera ndipo akaona nkhuku. M'mawa mwake ndinasiya mlamu wanga pambali pa bedi, n'kuthamangira kumudzi ngati wakuba. Thadzi ndinalitulutsa likundijompha manja, mazira ndinawaika pachiguduli, chipewa n'kuchikwecha ndi sopo ndi mchenga mpaka zala kuwawa. Ndinachipachika pamsomali ngati sichinatsikepo. Thadzilo silinabwererenso pamazira. Onse anasukusa, ngakhale limodzi loswa.

Tsiku lachitatu bambo a Esinati anatsegula maso. Ife anatizindikira, koma za m'mawa uja zinali zitafufutika zonse. Ankakumbukira malungo, kenako bedi la kuchipatala, pakati palibe.

Esinati anawagwira dzanja, misozi ili m'maso. "Bambo, chipewa chija munachisiyiranji?"

Anaganiza, anaganiza. "Kaya, mwananga. Ndiye kuti ndinachita mwano. Undikhululukire."

Ine ndinali pomwepo, kapu ya phala ili m'manja. Ndinangolimbikira kutakasa phalalo, chonsecho linali litazizira kale.

Panja ndinamukokera pambali dokotala. "Achimwene, kachipewa kopepuka kaja kakanathandiza?"

"Sindingalumbire, mayi," anatero. "Koma pamene pamenya mwalapo ndi pomwe chikanaphimba."

Titabwerera nawo kumudzi, Esinati anachotsa chipewa pamsomali. Anachitembenuza, n'kuchinunkhiza. Kenako ndi zikhadabo anasolola kanthenga kopotana kamene kanakanirira pa lamba. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anatsegula dzanja langa, n'kuikamo kanthengako, n'kundipinda zala. Mpaka lero sanaiyambitsepo nkhaniyi. Kukalipiridwa kukanandipepukira.

Bambo a Esinati alipo, tikukalamba limodzi. Koma khutu lakumanzere linagontha, ndipo akaweramuka msanga dziko limawazungulira. Njinga sanakwerenso, anapatsa mkamwini. Munthu amene ankadziwika msewu wonse wa ku Migowi tsopano amathera pakhonde. Alendo akabwera amawaonetsa chipsera n'kumati, "Ine ndinadzipweteka ndekha ndi kusamva. Mwana anandigulira chipewa, ine n'kuchisiya pamsomali." Ine ndimangothira tiyi.

Za chipewa ndinaphunzira. Mkamwini akatulutsa njinga ndimaima pakhomo mpaka amange lamba, anyinyirike asanyinyirike. Koma za kuulula ndiye mutu wanga ukadali wouma. Kawiri konse ndalimba mtima, ndakhala nawo pamphasa, n'kuwauza zonse mwatsatanetsatane, za udzu, za njerwa, za mawu anga aja. Iwo amangogwedeza mutu akuyang'ana kuphiri.

Kawiri konseko ndinakhala mbali yakumanzere.