Nsidze za Amake Filipo

Mpaka lero ndikafika kwa achibale a mkazi wanga, wina amathamanga kukabisa sizasi. Sindiwaimba mlandu.

Inali nthawi ya nkhondo, mayiko atasiya kuchita malonda ndi boma la azungu. Ndinkatsuka mabotolo pamalo ena ofufuza matenda a fodya. Panali chimakina choonera tizilombo tosaoneka ngakhale ndi magalasi akuchipatala. Adokotala oyendetsa makinawo ankadula tsamba mopyapyala kuposa khoko la anyezi, n'kuliyandamitsa pamadzi, kenako n'kulikankhira pakasefa ka mkuwa kolowa m'makinamo. Chokankhira chake? Nsidze imodzi ya pachikope, yomatidwa pakamtengo. (Ine amene ndinayamba sukulu ndili kale ndi ndevu ndinkayesa akundinamiza.)

Tsiku lina anadandaula kuti nsidze zawo n'zolimba, zikung'amba tsamba, pomwe tisefa tatsopano sitikubweranso kuchokera kunja. Ndinati mumtima, aona kuti mutuwu si wamabotolo okha. Kwathu ku Highfield kunali nsidze zazitali, zofewa: za mkazi wanga, amake Filipo.

Kupempha ndinachita manyazi. Lamlungu masana, atagona pamkeka pochokera kutchalitchi, ndinanyamula sizasi. Ndinkafuna imodzi yokha, Mulungu akudziwa. Koma iwo anatembenuka, sizasi inapitirira, chikope chakumanzere n'kutsala mpala.

Ndili mkati mokulunga nsidzezo m'pepala, ndinaona mlamu wanga Jailosi ataima pakhomo.

"Alamu, ndi sing'anga uti wakutumani?"

"Ayi, n'zakuntchito."

"Ntchito yanji yodya nsidze za anthu?"

Amake Filipo anadzuka, anayang'ana pagalasi, anamanga katundu, ulendo wa ku Dzivarasekwa kwa Jailosi. Ndinaona ukwati ukutuluka pageti, Filipo ali kumsana.

Mawa lake ndinapitabe nazo kuntchito (uchitsiru suthera panjira). Adokotala anasankhapo imodzi mosangalala. Chithunzi chitatuluka, munalibe kachilombo, munali mabanga okhaokha. Amake Filipo ankadzola vaselini kumaso, ndipo mafutawo anaononga tsamba ndi kasefa komwe.

Ku Dzivarasekwa ankhoswe anandikhazika pansi. Ndinafotokoza mwaulemu kuti makinawo amaona zinthu zimene maso a munthu sangaone.

"Amaona zobisika, ndipo amafuna tsitsi la munthu?" anatero Jailosi. "Ndi sing'anga yemweyo, kungoti uyu ndi wamagetsi."

Woyamba kuseka anali amake Filipo, ataphimba diso ndi mpango. Kuseka kumeneko n'kumene kunandipulumutsa.

"Abambo a Filipo," anati, "zimagwa zokha pathaulo ndikamasukusula. Mukanangopempha."

Mawu amenewo amandilasabe, chifukwa si nsidze zokha zimene ndinalephera kupempha m'nyumba imene ija.

Anabwerera, nsidze zinamera. Koma zaka zonse tinakhala limodzi mpaka anatisiya, sanagonenso masana ine ndili pakhomo. Tulo tikawagwira ankangoti, "Takazungulirani kumasitolo ku Machipisa, abambo, ndikufuna nditseke maso."